Kakamera ka m'thumba kapena chikamera cha full-frame? Yesani izi musanalipire

Mukafunsa wogulitsa makamera kuti yabwino ndi iti, amathamangira kukuuzani za mamegapikiselo, chiwerengero cha mamiliyoni a tizigawo ting'onoting'ono topanga chithunzi. Musamumvere kwambiri. Sony RX100, kakamera kolowa m'thumba la jekete, kali ndi mamegapikiselo 20, pamene Sony A7 III, imene ojambula maukwati ambiri amakoleka m'khosi, ili ndi 24. Manambalawa ndi oyandikana, koma makamera awiriwa amasiyana pamalo amodzi, pamene mdima wakumana ndi munthu woyenda. Kukakhala kowala, kapena chojambulidwacho chikakhala chili phee, kakang'onoko kamakwanira. Kukada ndipo anthu akuvina, m'pamene yaikuluyo imabweza ndalama zimene mudaigulira.

Tigwirizane kaye mayina. Kamera ya m'thumba ndi ija lenzi yake sichoka: mukayatsa imatuluka yokha, mukazimitsa imabwerera m'kati. M'gulu limeneli muli Sony RX100, Canon PowerShot G7 X ndi Panasonic Lumix TZ. Ya full-frame mirrorless ndi ija mumagula bodi payokha, lenzi payokha, ndipo ilibe kagalasi kogubuduka kamene kanali m'makamera akuluakulu a m'mbuyomu otchedwa DSLR. Sony adatulutsa A7 yoyamba mu 2013, Canon ndi Nikon adatsatira mu 2018 ndi EOS R komanso Z6 ndi Z7. N'chifukwa chake lero zogwiritsidwapo kale ntchito zikupezeka zambiri, ndipo munthu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu angathe kuyamba kuziganizira.

Choyamba, lembani kumene mudzajambule

Tengani pepala mulembe malo onse amene mukudziwa kuti mudzapitako ndi kamera chaka chino. Pambali pa malo aliwonse muyankhe mafunso awiri: kudzakhala kowala kodi? Nanga chimene mukujambulacho chidzakhala chikuyenda?

Tiyerekeze kuti mwalemba Chongoni. Kumeneku kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, kaya ku Chentcherere, ku Namzeze kapena ku Mphunzi, zili pansi pa matanthwe, pamthunzi. Kuwala n'kochepa ndithu, koma mwala suthawa. Mungathe kutsamira pathanthwe lina, kugwira mpweya, n'kulola kamera itsegule maso kwa nthawi yotalikirapo, ngakhale 1/15 ya sekondi, chithunzi n'kutuluka chooneka bwino. Apa ya m'thumba yakwana. Chachikulu n'choti musakhudze zojambulazo, ndipo musazithire madzi pofuna kuti mitundu iwale.

Mwina mwalemba Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ku Nkolimbo, mwambo wa anthu a Inkosi ya Makosi Gomani V. Amuna a ngoma amaponda pansi mwamphamvu, zishango ndi zibonga zili m'mwamba, ndiye shata, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, iyenera kuthamanga, 1/500 kapena 1/1000 ya sekondi, kuti mwendo usaoneke mbuu. Koma zimenezi zimachitika masana dzuwa lili ngwee, kuwala kochita kutayika. Apanso kamera ya m'thumba ya zumu yotalika, monga RX100 VII imene imachokera pa mamilimita 24 kufika pa 200, imagwira ntchito, makamaka poti munthu wamba saloledwa kufika pakati pa bwalo.

Tsopano lembani tchalitchi cha kumudzi cha mazenera ang'onoang'ono, m'mawa wa mitambo mu Julayi, kwaya ikulowa movina ndipo mkwatibwi akubwera pambuyo. Lembaninso holo nthawi ya perekaniperekani, dzuwa lapendeka, magetsi azima, azakhali a mkwati akuponya ndalama uku akuzungulira. Mdima ulipo, kuyenda kulipo. Simungauze azakhaliwo kuti aime kaye. Ngati papepala lanu malo otere ndi ambiri, ndipo wina adzakulipirani kuti mubwere ndi zithunzi, njira yanu yaloza ku full-frame. Ngati papepalapo padzaza maulendo, ana kusukulu, munda wa mbatatesi, katundu wa bizinesi woti muike pa Facebook, sungani ndalama zanu.

Chachiwiri, funsani za sensa

M'kati mwa kamera muli kachipangizo kolandira kuwala, kamene timati sensa. Ya full-frame ndi mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, yofanana ndi kachigawo kamodzi ka filimu ija ankaika ojambula a panjinga, amene ankatisungitsa milungu tikudikira zithunzi zathu. Ya mu RX100 ndi G7 X, imene amaitchula kuti ya 1 inch, ndi mamilimita 13.2 ndi 8.8. Mukachulukitsa manambalawa mupeza kuti yaikuluyo imaposa inzake kukula ka 7 n'kupitirirako pang'ono.

Zili ngati kukinga madzi a mvula, wina ndi beseni wina ndi kapu. Mvula ikamakhuthuka, onse amapeza madzi. Ikakhala ya mawawa, wa kapu amabwerera ndi timadontho. Kamera ikalandira kuwala kochepa imakweza nambala yotchedwa ISO kuti chithunzi chisade, ndipo ISO akakwera, pachithunzi pamabwera timadontho, tsitsi limaphatikana, maluwa a pachitenje amafufutika. Mwachidule, zimene full-frame imatulutsa pa ISO 6400 zimafanana ndi zimene ya 1 inch imatulutsa cha pa ISO 800.

Chenjerani ndi makamera a m'thumba olembedwa 30x. Kuti zumu yotalika choncho ilowe m'kabokosi kakang'ono, ambiri adawaikira sensa ya mamilimita pafupifupi 6 ndi 4.5, yochepa ka 30 poyerekeza ndi full-frame. Masana amakokera pafupi mbalame ili pamtengo wa paini, koma kukada foni yabwino imawapitirira. Wogulitsa akalephera kukuuzani kukula kwa sensa, lembani dzina la kamerayo mufufuze nokha pa intaneti musanatulutse ndalama.

Chachitatu, yang'anani nambala ya palenzi

Apa m'pamene ambiri amagwa. Kutsogolo kwa lenzi iliyonse kumalembedwa nambala ya f, yosonyeza kuchuluka kwa kuwala kumene lenziyo imalowetsa. Nambala ikachepa, kuwala kumachuluka. G7 X Mark II ndi Mark III zili ndi f/1.8 mpaka f/2.8. Lenzi imene kawirikawiri imabwera pamodzi ndi A7, ija ya mamilimita 28-70, ndi f/3.5 mpaka f/5.6. Kuchoka pa f/2.8 kufika pa f/5.6, kuwala kumachepa ka 4. Ndiye werengani nokha: sensa idapambana ka 7, lenzi yabweza ka 4, chotsala n'chochepa, kuwirikiza kawiri kokha. Munthu wagulitsa matumba a mbatatesi a nyengo yonse, wagula chikamera, koma m'tchalitchi muja akungoposa pang'ono mnzake wa kakamera ka m'thumba.

Mankhwala ake si odula kwambiri. Sony, Canon ndi Nikon onse ali ndi lenzi ya mamilimita 50 ya f/1.8, ndipo kwa Sony ndi Canon imeneyi ili m'gulu la malenzi otsika mtengo kwambiri. Ilibe zumu, mumayenda ndi miyendo yanu, koma ndi imene imaonetsa mphamvu yeniyeni ya sensa yaikulu. Ndi yomweyonso imene imasungunula za kumbuyo, munthu n'kuoneka yekha, khoma la njerwa ndi chingwe choyanikapo zovala zitasanduka mitundu chabe. Makasitomala a zinkhoswe ndi a masiku obadwa amafuna zimenezi. Kamera ya 1 inch, ngakhale ilembedwe f/1.8, kumbuyo imasungunula ngati f/5 ya pa full-frame, ndiye chingwe chija chimaonekabe.

Ngati mungasinthe pambuyo pake, dziwani kuti kampani iliyonse ili ndi polumikizira lenzi pakepake: lenzi ya Sony E silowa pa Canon RF kapena pa Nikon Z mwachindunji. Amene muli ndi malenzi akale a Canon EF kapena Nikon F, pali ma adapter owalumikizira ku bodi yatsopano ya kampani yomweyo. Funsaninso kuti anzanu ojambula a m'dera lanu ali ndi mtundu uti, chifukwa tsiku lina mudzafuna kubwereka lenzi kapena batire.

Chachinayi, yesani ndi kadi yanu

Musagule kamera poyang'ana zithunzi pa kasikirini kake. Pa kasikirini chilichonse chimakongola. Nyamulani kadi yanu ya SD ndipo mupite ndi mnzanu. Mukafika nenani mwaulemu: “Achimwene, ndiikemo kadi yanga ndijambule ziwiri zitatu, ndikaone kunyumba.” Wogulitsa wachilungamo sakana.

Pezani ngodya ya mdima kwambiri m'sitolomo. Tembenuzani kagudumu ka pamwamba kafike pa S, kapena pa Tv ngati ndi Canon, muike shata pa 1/200 ndipo ISO mumusiye pa Auto. Muuzeni mnzanuyo ayende kubwera kwa inu uku akuomba m'manja, mujambule kangapo motsatizana. Chitani chimodzimodzi ndi kamera inayo, pamalo omwewo, osayatsa fulashi. Kenako tulukani panja padzuwa, mnzanuyo agwire nsalu yoyera kapena pepala pafupi ndi nkhope, mujambulenso. Ngati kamera ikulola, sankhani kuti isunge pamodzi RAW, chithunzi chosakonzedwa chimene mumakonza nokha pa kompyuta, ndi JPEG, chithunzi wamba chokonzeka kale.

Kuyesa kwachiwiriku n'kofunika kwa ife kuposa mmene mabuku a makamera amanenera. Pa ukwati pamakhala diresi loyera mbee, suti yakuda bii, ndi nkhope zakuda pansi pa velo, zonse pachithunzi chimodzi, dzuwa lili paliwombo. Kamera ikateteza diresi, nkhope zimada. Ikawalitsa nkhope, diresi limapserera, mikanda ndi zokongoletsa zonse osaonekanso. Njira yake ndi kujambula moteteza diresi, nkhope n'kudzaziwalitsa pa kompyuta, ndipo sensa yaikulu imalola kukweza mthunzi kwambiri timadontho tisanayambe kuoneka.

Kunyumba tsegulani zithunzizo pa laputopu, muzikulitse kufika pa 100%. Yang'anani diso ngati lagwidwa bwino, yang'anani tsitsi ndi ulusi wa malaya. Werengani kuti pa zithunzi za mnzanu woyenda uja, zingati zatuluka zakuthwa. Mukamaliza, dzitumizireni ziwiri pa WhatsApp, chimodzi cha kamera iliyonse, muzione pa foni. WhatsApp amafinya zithunzi pokhapokha mutazitumiza ngati document, ndipo mungadabwe kuona kuti za padzuwa zija simukutha kuzisiyanitsa. Ngati zithunzi zanu zonse zimathera pa foni, yankho mwalipeza pomwepo. Za kutsukitsa musade nazo nkhawa, mamegapikiselo 20 amakwana chithunzi cha A3 chopachika pabalaza.

Muli panja pomwepo, onani ngati kasikirini kakuoneka padzuwa. G7 X ilibe kabowo koyang'anira ndi diso, pamene RX100 kuyambira pa Mark III ili nako kotulukira pamwamba. Ma full-frame amene tatchula pano onse ali nako.

Chachisanu, werengerani mtengo wa zonse

Mitengo ya makwacha siikhazikika, paja mu Novembala 2023 ndalama yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndiye tiyerekeze ndi madola a nthawi imene makamerawa ankatuluka. G7 X Mark III idatuluka mu 2019 pa madola pafupifupi 750, RX100 VII chaka chomwecho pa 1,200. Canon RP idayamba pa 1,300, Nikon Z5 ya mu 2020 pa 1,400, A7 III ya mu 2018 pa 2,000. Kusiyana kwake n'koti mtengo wa ya m'thumba ndi wa kamera yathunthu, pamene wa zinazo ndi wa bodi yokha, imene singajambule kanthu popanda lenzi.

Pamwamba pa bodi onjezani lenzi, batire lachiwiri, makadi, chikwama ndi fulashi yokhazika pamwamba. Makamera ambiri a m'thumba alibe pokhazika fulashi yotere, ali ndi kakang'ono kamene kamawalitsa munthu wapafupi yekha, kumbuyo kuli bii. Fulashi yaikulu mumailozetsa kudenga kuti kuwala kubwerere kofewa, ngakhale kuti m'maholo opanda siling'i, a malata okhaokha pamwamba patali, njira imeneyi sithandiza kwenikweni. Onjezaninso posungira: chithunzi chimodzi cha RAW cha mamegapikiselo 24 chimadya 25 mpaka 50 MB, kutanthauza kuti zithunzi 1,000 za ukwati umodzi ndi 25 GB kapena kuposa. Laputopu yofooka idzakulizani.

Amene mukufuna kulipidwa, funsani ngati bodiyo ili ndi malo a makadi awiri. A7 III, Z5 ndi Canon R6 zili nawo, ndipo zimatha kulemba chithunzi chilichonse pa makadi onse awiri nthawi imodzi. Canon RP, R8 ndi EOS R zili ndi malo amodzi. Z6 yoyamba ija ilinso ndi amodzi, ndipo imafuna kadi ya XQD kapena CFexpress, yodula kuposa SD. Kadi ikafa ukwati utatha, ankhoswe simungawauze kuti abwereze.

Chachisanu ndi chimodzi, ganizirani za msewu ndi nyengo yathu

RX100 VII imalemera magalamu pafupifupi 300. A7 III payokha ndi 650, ndipo mukaikapo lenzi ya 24-70 ya f/2.8 zimakwana kilogalamu imodzi ndi theka. M'sitolo kulemera kumeneku kumamveka ngati ulemu. Pokwera phiri la Dedza, limene nsonga yake ili pafupifupi mamita 2,200, kapena pa kabaza wa njinga yamoto kulowera ku Lobi, kumamveka m'khosi. Makamera aakulu ambiri amathera m'kabati chifukwa mwini wake amayamba kusankha masiku oyenera kuinyamula.

Palinso maso a anthu. Mukatulutsa chikamera pamsika wa Lizulu, mayi wa kabichi amaphimba nkhope ndi chitenje, anyamata a mbatatesi amayamba kufunsa kuti zithunzizo mukagulitsa kuti. Kakang'ono sikaopseza munthu. Komabe kaya ndi kamera iti, perekani moni, pemphani, ndipo ngati n'kotheka gulani kaye tomato. Pa gule wamkulu pemphani kwa eni mudzi musanajambule, ndipo akakuletsani mverani.

Fumbi limavutitsa makamera onsewa, koma mosiyana. Mukachotsa lenzi pa mirrorless, pa mitundu yambiri sensa imakhala pamtunda, ndiye musasinthe lenzi pabwalo la ngoma kapena m'mbali mwa msewu wafumbi mu Okutobala. Lowani m'galimoto kapena m'nyumba, zimitsani kamera, muilozetse pansi, musinthe mwachangu. Fumbi likalowabe, limachoka ndi kampira kopopera mpweya, osati ndi pakamwa kapena nsonga ya malaya. Ya m'thumba fumbi sililowa msanga, koma likalowa simungalifikire popanda kuimasula yonse, ndipo kamchenga kamodzi kangathe kuumitsa lenzi ija yotuluka ndi kubwerera. Musaiponye m'thumba limodzi ndi makiyi ndi nyenyeswa za mtedza, ipezereni kachikwama.

Kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi kumatha batire msanga, choncho lapadera lisungeni m'thumba la m'kati, pafupi ndi thupi. Mwa kuyesa kwa makampani eni ake, A7 III imajambula zithunzi pafupifupi 700 pa batire limodzi, pamene RP, RX100 VII ndi G7 X Mark III zimathera cha m'ma 250. Funsani ngati kamera imatchajidwa ndi chingwe cha USB kuti power bank ikupulumutseni magetsi akazima. Zina za Canon zimafuna power bank ya mtundu wa PD, wamba sizitheka. Mukachoka panja pa chifunga kulowa m'nyumba yofunda, isiyeni kamera m'chikwama chotseka kwa kanthawi, apo ayi magalasi amachita thukuta. M'nyengo ya dzinja ikani m'chikwamamo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato, chifukwa chinyontho chimameretsa nkhungu m'kati mwa lenzi.

Pomaliza, ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito

Ambiri tidzagula yotere, kaya kwa munthu wa ku Lilongwe kapena kudzera mwa m'bale wa ku Johannesburg. Musaganize kuti ya m'thumba yakale ndiye kuti ndi yotchipa. G7 X idakwera mtengo m'zaka zapitazi achinyamata a pa TikTok ataikonda, mwakuti nthawi zina ndalama yake imayandikira ya bodi yakale ya full-frame. Yerekezani mitengo iwiriyi tsiku lomwelo.

Pa ya m'thumba, yatsani ndi kuzimitsa kangapo uku mukumvetsera. Lenzi izituluka mosadodoma ndiponso mopanda kukukuta. Kokani zumu mpaka kumapeto n'kubweza. Pa ya full-frame, funsani shutter count, chiwerengero cha zithunzi zimene shata yajambula chigulireni. Pa Sony ndi Nikon nambalayi imabisika m'chithunzi chenichenicho, ndipo pali masamba a pa intaneti amene amaiwerenga mukatumizako chithunzi chosakonzedwa. Chotsani lenzi muunike m'kati mwake ndi tochi ya foni. Mukaona timizere tangati ulusi toyambira m'mphepete mwa galasi, imeneyo ndi nkhungu, isiyeni.

Kenako yesani sensa. Ikani kagudumu pa A, kapena pa Av ngati ndi Canon, mukweze nambala ya f kufika pa 16, kapena pamene ikuthera ngati ndi ya m'thumba, mujambule thambo lopanda mitambo kapena khoma loyera. Madontho akuda amene akubwera pamalo omwewo pa chithunzi chilichonse ndi fumbi la pasensa. Pa mirrorless limeneli limapukutika, ndipo ndi chifukwa chabwino chopempherera kuti akuchotsereniko mtengo. Pa ya m'thumba ndi ulendo wopita kwa wokonza, ndiye muwerengere ndalama yake. Yesani malo onse a makadi, yesani kutchaja, ndipo onani kuti nambala ya pansi pa kamera ikufanana ndi ya pabokosi ngati lilipo. Nambala imeneyo ilembedwe pa lisiti pamodzi ndi dzina la wogulitsa, chifukwa makamera obedwa nawonso amagulitsidwa m'njira zomwezi.